Kapaipi ka siteling'i kangatenthe basi ya mpingo

Nyengo ya misonkhano ikafika, mipingo yambili imadzutsa motoka zimene zagona miyezi kuseli kwa chalichi: ka Hiace ka kwaya, kapena Land Cruiser yakale ya abusa. Timayang'ana matayala, mabuleki ndi batile. Paipi ya mafuta a siteling'i timaiiwala, komatu ikhoza kuyambitsa moto mu injini.

Siteling'i yofewa, ija ya pawa, inayamba kufala mu 1951 ndi Chrysler Imperial ku America, ndipo m'motoka zakale imayendela mafuta. Lamba wa injini amazungulitsa pampu, pampuyo n'kumakankha mafuta, kawilikawili ofiila aja a ATF, kupyola m'paipi ya labala. Mphamvu ya m'paipimo imatha kupitilila psi 1,000, pamene tayala la motoka yaing'ono timalipopa kufika 30 kapena 35 cabe.

Labala imakalamba ngakhale motoka ili cikhalile. Imauma ndi kung'aluka, makamaka pamene yalumikizana ndi citsulo. Kaboo ngati ka singano sikadontheza mafuta pansi ayi, kamawapemelela ngati nkhungu. Mafutawa amayamba kutulutsa nthunzi yogwila moto pa madigili pafupifupi 200, koma ekizozi, pamene yatulukila mu injini, imapyola 400 basi yodzala ikamakwela mapili monga a Manenekela pa Great East Road. Nkhungu ija ikafika pamenepo imayaka, ndipo malinga injini ikali kulila, pampu imapitiliza kuthila mafuta pamotowo.

Paipi imacenjeza isanaphulike. Pampu imalila mukamakhota, siteling'i imalemela, mafuta amatsika m'kabotolo kake, paipi imaoneka yonyowa kapena yotupa. Musafufuze pobooka ndi cala injini ikulila, cifukwa mafutawo angalowe m'khungu. Madalaivala, lekani kukanikiza siteling'i mpaka kumapeto n'kuigwila pomwepo pokhota pabwalo la chalichi. Mphamvu imakwela koposa nthawi imeneyo.

Cimene cimandidetsa nkhawa ndi kukonza kwathu kopulumutsa ndalama. Kumanga paipi ndi malegeni, kapena kuikapo paipi ya petulo ndi kalampu, sikungapilile mphamvu yotele. Makanika akati pafunika yatsopano, asungicuma musanene kuti tidikile copeleka ca mwezi wamawa. Aionenso kuti siikhudza ekizozi.

Mukaona utsi paulendo, imani pambali, zimitsani injini pomwepo, tulutsani anthu onse apite patali, katundu asiyidwe. Boneti musaitsegule yonse, cifukwa mpweya umakolezela moto. Tsegulani pang'ono n'kupopelamo cozimila moto ca ufa. Madzi amangomwaza mafuta oyaka. Mu Hiace zakale injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, conco utsi umalowa mkati msanga. Cozimila moto cikhale pafupi ndi dalaivala, osati pansi pa masaka a unga ndi matilesi.