KU MINDA YA MPHESA YA KU CAPE: TIKALAWE, KOMA TIKAONENSO

Cimanga ticidziwa bwino, kuyambira pa mbeu kufikira pa mbale ya nsima. Koma mpesa, mtengo umene Ambuye Yesu anadzifanizira nao, ambiri a ife tingoumva m'mawerengo a Lamulungu. Vinyo timuona m'kabotolo kamene otumikira apereka kwa wansembe pa Misa, osadziwa thukuta limene lagwa kuti iye afike pa guwa. Masiku ano ana athu ambiri ali pa nchito kapena pa sukulu ku South Africa, ndipo ena aitana makolo kuti akaceze. Amene mwai wotere udzakugwerani, mukafika ku Cape Town musakathere masiku onse m'masitolo. Pa mtunda wa makilomita 50 cabe pali minda ya mphesa ya Stellenbosch, ndipo pafupi pake pali Paarl ndi Franschhoek. Akulu anati mwana wosayenda ayesa amake okha ndiwo adziwa kuphika.

Dziko la mvula ya m'cisanu

Coyamba cimene mlimi wa kwathu adzadabwa naco ndi nyengo. Kumeneko mvula igwa m'miyezi ya Juni, Julai ndi Ogasiti, pamene ife tili kuotha moto. Pamene ife tili kupalira m'matope, kwao kuli dzuwa loumitsa nthaka. Mpesa ukonda zotere: madzi pamene uli mtulo, dzuwa pamene zipatso zili kupsa.

Vinyo woyamba wa ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck. Bwanamkubwa Simon van der Stel anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679, ndi famu ya Constantia mu 1685. Vinyo wotsekemera wa ku Constantia anachuka kwambiri, kotero kuti anali kutumizidwa ngakhale kwa Napoleon pa cisumbu ca St Helena.

Mu 1688 kunafika Afalansa ochedwa Huguenot. Iwowa anali Aprotestanti amene anathawa kwao Mfumu Louis XIV italetsa cipembedzo cao mu 1685. Cigwa cimene anakhalamo ndico Franschhoek, ndiko kunena ngodya ya Afalansa, ndipo kumapeto kwa mseu waukulu wa tauniyo kuli cipilala cowakumbukira. Mkatolika ayenera kuimapo modzicepetsa, pakuti amene anawathamangitsa anali a Eklezia wathu. Akumbukirenso kuti ku Cape komweko Akatolika sanaloledwe kupemphera poyera kufikira 1804. Cizunzo ca cipembedzo cilibe mwini: lero cigwera uyu, mawa uyo.

Zoona ndi zocita

Nthawi yabwino koposa ndiyo ya kukolola, kuyambira kumapeto kwa Januwale kufikira Marici. Ochola mphesa alowa m'munda mbandakuca, zipatso zikali zozizira, ndipo adula tsango limodzi-limodzi ndi lumo. Mafamu ena acita cikondwerero ca masika, pamene alendo aloledwa kuchola ndi kuponda mphesa ndi mapazi monga anali kucitira akale.

Musakane kulowa m'nyumba yosungiramo vinyo. M'menemo mudzaphunzira kuti madzi a mphesa, ngakhale zakuda, kawirikawiri ali oyera. Kufiira kwa vinyo kucokera ku makoko amene asiyidwa m'madziwo pamene ali kuwira. Yisiti isandutsa shuga kukhala mowa, kenaka vinyo wina agonekedwa miyezi yambiri m'migolo ya mtengo wa oki, uliwonse wa malita ngati 225. Nchito imeneyi siifuna phuma. Funsaninso za Pinotage, mtundu wa mphesa wobadwira ku Stellenbosch mu 1925, pamene Profesa Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri ya ku France.

Pa kulawa, mlendo apatsidwa vinyo wa mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, pang'ono pokha m'tambula. Ayang'ana maonekedwe ake, anunkhiza, alawa. Pa tebulo pakhala kacidebe kolavuliramo, ndipo kulavula si mwano. Akatswiri eni ake acita comweco. Amene sakumwa mowa apemphe madzi a mphesa osawira, palibe adzamuseka.

Ana naonso ali ndi zao. Pa famu ya Vergenoegd gulu lalikulu la abakha oyenda ciriri lituluka mondondozana kunka ku minda kukadya nkhono zimene zionononga mipesa, motero mankhwala opopera acepa. Ku Babylonstoren, famu ya mu 1692, kuli dimba lalikulu la zipatso ndi ndiwo za masamba, kumene mai aliyense wa dimba adzatolako nzeru. Ku Franschhoek kuli kasitima kamene kuyambira 2012 katenga alendo kucoka pa famu ina kunka pa ina.

Wofika m'cisanu asadandaule kuti wapeza mitengo yopanda masamba. Adzaona anthu ali kusadza mipesa, kudula pafupifupi nthambi zonse za caka catha ndi kusiya tiziputu towerengeka. Woona zimenezi ndi maso adzamva mwatsopano mutu 15 wa Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera. Ayang'anenso pa tsinde: mipesa yambiri ili yomezanitsa pa mizu ya ku America, cifukwa kacilombo kochedwa phylloxera, kamene kanafika ku Cape mu 1886, kanaononga mizu ya mipesa yakale.

Za pa mbale

Cakudya ca ku Cape cifotokoza mbiri ya anthu ake. Bobotie ndi nyama yogaya yothira zokometsera ndi mphesa zouma, pamwamba pake mazira omenya ndi mkaka, yophikidwa mu uvuni ndi kudyedwa ndi mpunga wacikasu. Fungo lake likumbutsa manja a akapolo ocokera ku maiko a kum'mawa amene anali kuphika m'makhichini a Azungu. Waterblommetjie bredie ndi nyama ya nkhosa yophikidwa pang'onopang'ono pamodzi ndi maluwa omera m'madamu m'cisanu. Ife odya cibwabwa ndi bondwe sitidzaona cacilendo pa nzeru yotere. Snoek ndi nsomba yaitali ya m'nyanja ya mcere, yoocha pa makala atapaka jamu wa maapurikoti, ndipo ikoma ndi kandolo. Cenjerani ndi minga yake.

Pa masika funani mosbolletjies, timikate totupitsidwa ndi madzi a mphesa amene ayamba kuwira. Mafamu ambiri agulitsanso dengu la buledi, cizi, nyama youma ya biltong ndi zipatso, kuti banja likadyere pa msipu pansi pa mitengo. Nthawi zambiri ici cicepa mtengo kusiyana ndi kudya m'nyumba zodyera za ku Franschhoek, kumene thumba lipepuka msanga.

Manja amene saoneka pa botolo

Tsopano tifike pa nkhani imene mapepala oitana alendo sakonda kuichula. Nyumba zoyera zokongolazo zinamangidwa ndi akapolo, ndipo minda yoyamba inalimidwa ndi iwo pamodzi ndi Akhoikhoi amene analandidwa malo ao odyetsera ziweto. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, ndipo akapolo anamasulidwa kotheratu mu 1838. Mudzi wa Pniel, pakati pa Stellenbosch ndi Franschhoek, unayamba mu 1843 monga mishoni ya anthu omasulidwawo. Ndi malo oyenera kuimapo.

Ukapolo utatha panatsala unyolo wina wochedwa dop: anchito anali kulandira vinyo kangapo pa tsiku monga gawo la malipiro. Lamulo linaletsa mcitidwewu kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, koma pa mafamu ena unapitirira kufikira m'ma 1990. Zipsera zake zikalipo. Cigawo ca Western Cape cili pakati pa madera a pa dziko lapansi kumene kubadwa ana ambiri opwetekedwa bongo cifukwa amai ao anali kumwa ali ndi pakati. Ife amene tinaona mmene tujilijili tunawonongera anyamata athu tusanaletsedwe mu 2012 tilibe cifukwa colozera anzathu cala. Ululu umenewu tiudziwa.

Komabe zinthu zili kusintha. Pa mseu wa pakati pa Paarl ndi Franschhoek pali ndende ya Drakenstein, imene kale inali kuchedwa Victor Verster. Pa cipata cake Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, ndipo lero paima cifanizo cake. Mai Ntsiki Biyela, mwana wa kumudzi ku KwaZulu-Natal, anaphunzira pa yunivesite ya Stellenbosch nakhala mkazi wacikuda woyamba kukhala katswiri wopanga vinyo m'dzikomo. Kampani yake anaicha Aslina, dzina la agogo ake. Pa mabotolo ena pali cizindikilo ca Fairtrade, cosonyeza kuti famuyo ivomera kuyenderedwa pa za kasungidwe ka anchito.

Malangizo kwa wapaulendo

Lamulo la Eklezia, pa nambala 924, lifuna kuti vinyo wa pa Misa akhale weniweni, wocokera ku mphesa, wosaonongeka. Ngati Eklezia asamala motere za vinyo, nafenso tisamale za anthu amene amupanga. Cifukwa cace, abale ndi alongo, mukafika ku mindayi citani izi. Sankhani mafamu awiri kapena atatu pa tsiku, osati khumi. Idyani musanalawe. Woyendetsa galimoto asalawe konse, ndipo mai woyembekezera asakhudze tambula. Lamulungu musaphonye Misa: ku Stellenbosch kuli parishi ya St Nicholas, ndipo ku Cape Town kuli katedrale ya St Mary. Patsani moni amene akuperekerani cakudya, mufunse dzina lake; mwina adzakuyankhani m'cilankhulo cathu, pakuti Amalawi ndi Azimbabwe ambiri agwira nchito kumeneko. Ndipo musacite manyazi kufunsa mwini famu kuti ochola mphesa zake agona m'nyumba zotani, ana ao aphunzira kuti. Funso la mlendo wogula lili ndi mphamvu.

Mwezi uno m'mauzimu mwathu tiwaike m'mapemphero anchito a m'mafamu, a ku Cape ndi a kwathu kuno, kuti alandire malipiro oyenera thukuta lao, ndi mabanja onse osautsidwa ndi mowa, kuti Ambuye awacilitse.