Fodya, Kunenepa ndi Mmene Amuna a Mtundu wa Latino ku United States Amaonera Matupi Awo

Anthu ambiri osuta fodya amaopa kuti akasiya anenepa. Manthawa ali ndi maziko. Nikotini amachepetsa chilakolako cha chakudya ndipo amachititsa thupi kugwiritsa ntchito mphamvu mofulumirako. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya BMJ mu 2012, wophatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri, anapeza kuti osiya fodya amawonjezera makilogalamu 4 mpaka 5 pakatha chaka, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira.

Kuyambira m'ma 1920, pamene kampani ya ndudu za Lucky Strike inkauza amayi kuti fodya amawathandiza kusanenepa, nkhaniyi yakhala ikuonedwa ngati ya amayi okha. Amuna a mtundu wa Latino, omwe makolo awo kapena iwo eni anachokera ku Latin America, ndi gulu lofunika kuliganizira chifukwa kusuta ndi kunenepa kwambiri zonse n'zofala pakati pawo.

Umboni waukulu ukuchokera ku kafukufuku wa HCHS/SOL, amene pakati pa 2008 ndi 2011 anayeza akuluakulu oposa 16,000 ku Bronx, Chicago, Miami ndi San Diego. Pafupifupi amuna 37 mwa 100 alionse anali onenepa kwambiri. Pa kusuta panali kusiyana kwakukulu: amuna 35 mwa 100 ochokera ku Puerto Rico ankasuta, ochokera ku Cuba 31, a ku Mexico 23, pamene a ku Dominican Republic anali 11 okha. Ambiri a ku Mexico sankasuta tsiku lililonse, ndipo munthu wotere savomera msanga kuti ndi wosuta.

Mmene mwamuna amaonera thupi lake zimakhudza nkhaniyi mbali ziwiri. Kafukufuku wa ku United States wakhala akuonetsa kuti amuna onenepa, kusiyana ndi amayi, kawirikawiri sadziona kuti anenepa. Thupi lalikulu amalitenga ngati chizindikiro cha mphamvu. Wotereyu sawopa kunenepa akasiya fodya, koma sachitaponso kanthu thupi likayamba kukula. Wina amene amadandaula ndi mimba yake amatha kuzengereza kusiya, kapena kuyambiranso sikelo ikakwera.

Choopsa n'chakuti fodya sateteza ku mafuta oipa. Osuta amakonda kusunga mafuta m'mimba, ngakhale sikelo itaonetsa kuti ndi opepuka. Lipoti la Surgeon General la 2014 linati kusuta kumawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga a mtundu wachiwiri ndi 30 mpaka 40 peresenti, ndipo matendawa ndi ofala kale pakati pa anthu a mtundu wa Latino. Komanso kafukufuku wa Framingham, wofalitsidwa mu JAMA mu 2013, anapeza kuti mwa anthu opanda shuga, osiya fodya anachepetsa chiopsezo cha matenda a mtima ngakhale ananenepa.

Kwa ogwira ntchito zachipatala, phunziro n'lakuti funso la kunenepa lizifunsidwa kwa amunanso, osadikira kuti aliyambitse okha. Ndi bwino kuyeza chiuno osati kulemera kokha, kufunsa ngakhale osuta mwa apo ndi apo, ndi kuuza wodwala pasadakhale kuti akhoza kuwonjezera makilogalamu ochepa. Uphungu wa kadyedwe ndi masewera olimbitsa thupi uziyamba limodzi ndi chithandizo chosiyira fodya, m'chilankhulo chimene wodwala amamva bwino, monga Chisipanishi.