Khutba ya Ijumaa: Muyeso wa Nsima kwa Wodwala Shuga

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, thupi ndi amana imene tidzafunsidwe nayo pa Tsiku la Kiyama. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO adapeza mu 2009 kuti pafupifupi Amalawi 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi matenda a shuga. Enawo timaswali nawo limodzi kuno ku Phalombe.

Ambirife timayesa kuti wodwala akaleka shuga wa mu tiyi ndiye kuti wathana nazo. Sichoncho ayi. Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi ndi mandasi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga. Thupi la wodwala silipanga insulin yokwanira, kapena siliigwiritsa bwino ntchito, motero shugayo amachuluka m'magazi n'kumaononga mwakachetechete maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi, kufikira ena kudulidwa mwendo.

Sitikuti nsima ilekedwe. Tikunena za muyeso. Theka la mbale likhale masamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru kapena therere. Theka linalo ligawidwe pawiri. Mbali ina ikhale ya matemba a ku Chilwa, mazira, nkhuku kapena nandolo timalima tokhayu. Mbali yotsalayo ikhale ya nsima, mtanda umodzi wolingana ndi chibakera cha wodyayo. Mgaiwa uposa ufa woyera pakuti madeya ake amachedwetsa kukwera kwa shuga, komabe mitanda itatu ya mgaiwa idzamkweza ndithu. Podya mpunga, nsima ipume. Thobwa lotsekemera, Sobo ndi nzimbe zimakweza shuga mofulumira. Ludzu lithe ndi madzi.

Nthawi nayonso isungidwe. Wodwala adye katatu pa tsiku, pa maola osasinthasintha. Wakumwa glibenclamide kapena wobaya insulin akadumphitsa chakudya, shuga amatha kutsika kwambiri: amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuchita chizungulire. Apo pokha chotsekemera chimakhala mankhwala, ndipo apatsidwe msanga.

Za Ramadhan, Surah Al-Baqarah, aya 184 ndi 185, idapereka chilolezo kwa wodwala. Wofuna kufunga ayambe waonana ndi dokotala ku chipatala cha boma ku Migowi kapena ku Holy Family mwezi usanaoneke. Akaloledwa, daku asamphonye, ndipo adye mochedwerako. Pa futari, madzi ndi tende mmodzi kapena awiri akwanira, kenako mbale yoyezedwa ija. Kuyeza magazi pa chala sikuononga swaumu. Shuga akatsika kupyola 3.9 mmol/L, amasule pomwepo, ngakhale Maghrib ili pafupi.

Inu ophika ndi inu ogula ndiwo, mtolowu ndi wa banja lonse. Mbale yotereyi njabwino kwa aliyense pakhomo. Tiyezetse, timwe mankhwala mwa ndondomeko, kenako tiyedzamire kwa Allah, pakuti Iye ndiye Wochiritsa.

Allah achize odwala athu. Ameen.