Udindo wa makolo ndi mafumu pa sukulu sukuthera pa kuumba njerwa

Kwa zaka zambiri, anthu akumudzi akamva kuti akufunika pa chitukuko cha sukulu akhala akudziwiratu kuti aitanidwa kukaumba njerwa, kututa mchenga ndi kutunga madzi. Koma ndondomeko za boma pa maphunziro a pulayimale zimapereka kwa makolo, mafumu ndi anthu ozungulira sukulu udindo woposa pamenepo, womwe ndi kukhala nawo pa zokambirana za kayendetsedwe ka sukulu, kagwiritsidwe ntchito ka ndalama komanso kaphunziridwe ka ana.

Gwero la nkhaniyi ndi chaka cha 1994 pomwe boma la Bakili Muluzi lidakhazikitsa maphunziro aulere a pulayimale. M'chaka chimodzi chokha, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda zophunziriramo zidachepa, ana ambiri adayamba kuphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma lidakakamizika kulemba aphunzitsi zikwizikwi omwe adali asadapite kumaphunziro a zauphunzitsi.

Kupatula kuchepa kwa zipangizo, padabukanso vuto la kamvedwe. Makolo ena adatanthauzira mawu akuti "aulere" ngati kuti sukulu tsopano yasanduka katundu wa boma lokha ndipo iwo alibenso chochita. Ngakhale m'ntchito za MASAF, zomwe zidamanga midadada ya sukulu yambiri m'zaka zimenezo, gawo la anthu wamba lomwe linkaonekera kwambiri lidali la njerwa ndi mchenga.

Pofuna kukonza zimenezi, unduna wa zamaphunziro udatulutsa m'chaka cha 2004 ndondomeko yolimbikitsa anthu kutenga nawo mbali pa kayendetsedwe ka sukulu za pulayimale. Mfundo yaikulu ya ndondomekoyo idali yakuti anthu apitirire pa zomangamanga ndi kulowa m'chitukuko cha sukulu yonse. Izi zidagwirizana ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya m'chaka cha 1998, yomwe idapereka kayendetsedwe ka maphunziro a pulayimale m'manja mwa makhonsolo.

Pa sukulu ya pulayimale pali magulu atatu omwe amalumikiza aphunzitsi ndi mudzi. Loyamba ndi komiti yoyendetsa sukulu, yomwe imayang'anira katundu, ndalama ndi mapulani a chitukuko. Lachiwiri ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA, lomwe ndi bwalo lomwe kholo lililonse lingafunsirepo mafunso ndi kupereka madandaulo, ndipo komiti ija imayenera kufotokozera bwaloli zomwe yachita. Lachitatu ndi gulu la amayi lotchedwa Mother Group, lomwe limalangiza atsikana, kuyendera ana ojomba m'makomo mwawo ndi kulimbikitsa omwe adasiya sukulu kuti abwerere.

Mphamvu za magulu amenewa zidakula kuyambira m'chaka cha 2010 pomwe boma lidayamba kutumiza thandizo la ndalama zotukulira sukulu ku akaunti ya kubanki ya sukulu iliyonse, ndondomeko yomwe idayambira m'maboma ochepa n'kufalikira m'dziko lonse m'zaka zotsatira. Sukulu isadagwiritse ntchito ndalamazo imayenera kulemba pulani yake, ndipo pulaniyo siyenera kulembedwa ndi mphunzitsi wamkulu yekha mu ofesi. Imafunika kutuluka pa msonkhano wa aphunzitsi, makolo, mafumu ndi ophunzira, omwe amagwirizana chomwe chiyambe pakati pa zimbudzi za atsikana, mabuku, madesiki kapena thandizo la ana amasiye.

Pali umboni wooneka wa zomwe mgwirizano wotere ungathe kuchita. Bungwe la Mary's Meals, lomwe lidayamba ntchito yake m'dziko muno m'chaka cha 2002 ndi ana pafupifupi 200, lidakula mpaka kumapereka phala kwa ana oposa 1 miliyoni. Bungweli limabweretsa ufa, koma omwe amalawirira m'mamawa kukasonkha moto ndi kuphika phalalo ndi makolo odzipereka a m'midzi yozungulira sukulu. Popanda iwo, ufawo ukadangokhala m'matumba.

M'boma la Dedza, malemu Inkosi Theresa Kachindamoto adathetsa maukwati a ana oposa 800 ndi kubwezera anawo kusukulu, ndipo adaimitsa paudindo mafumu ang'onoang'ono omwe ankavomereza maukwatiwo. Iwo sadagwire ntchitoyi okha, koma adadalira magulu a amayi ndi anthu ena a m'midzi omwe ankawatsina khutu za ana omwe achotsedwa pa sukulu. M'madera ena a m'chigawo chapakati, mafumu adagwiritsapo ntchito Gule Wamkulu kukusa ana ojomba kuti apite kusukulu.

Malamulo nawo ali kumbuyo kwa ntchito zimenezi. Lamulo la zamaphunziro la m'chaka cha 2013 lidakhazikitsa kuti maphunziro a pulayimale ndi okakamiza, ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti munthu asalowe m'banja asadakwanitse zaka 18. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka idakhazikitsidwa kale m'chaka cha 1993. Komabe lamulo silidziwa kuti ndi mwana uti yemwe watha sabata ziwiri ali kumunda kapena kumsika. Odziwa zimenezi ndi mphunzitsi yemwe amaitana mayina m'kalasi, mayi woyandikana naye nyumba ndi nyakwawa ya m'mudzimo, ndipo mwanayo amabwerera pokhapokha atatuwa akamalankhulana.

Zovuta zilipo ndithu. Mamembala ena a makomiti amasankhidwa popanda kuphunzitsidwa ntchito yawo, zomwe zimabweretsa kukokanakokana pakati pa komiti yoyendetsa sukulu ndi PTA. Makolo omwe sadapite patali ndi sukulu amaopa kufunsa za malisiti kapena za mphunzitsi wojomba. Pena ndalama zimafika mochedwa pulani italembedwa kale, ndipo anthu amagwa ulesi. Palinso sukulu zomwe zimakumbukira makolo pokhapokha pakafunika anthu ogwira ntchito yamanja.

Apa ndi pomwe pali ntchito ya adindo a m'makhonsolo ndi alangizi a sukulu za pulayimale m'mazoni. Mwa zina, akuyenera kuonetsetsa kuti makomiti atsopano aphunzitsidwa akangosankhidwa, kuti ndalama zomwe sukulu yalandira ndi momwe zagwirira ntchito zikupachikidwa poyera m'chilankhulo chomwe anthu amamva, komanso kuti misonkhano ikuchitika pa nthawi yomwe alimi angathe kufikapo. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 ndi chiwerengero cha ana omwe asiya sukulu ziyeneranso kuwerengedwa pamaso pa makolo ndi mafumu.

Akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mlangizi akayendera sukulu, asamangowerenga midadada yomwe anthu amanga, koma afunsenso kholo lomwe wakumana nalo panjira ngati likudziwa ndalama zomwe sukuluyo yalandira chaka chino, ndi ana angati a m'mudzi mwake omwe sakupita kusukulu.