Kutsuka galimoto popanda madzi pomwe nyanja ili pakhomo

Loweruka msewu wa M14 umatsitsa galimoto za ku Lilongwe kubwera ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Zimafika zili mbuu ndi fumbi, ndipo Lamulungu zimabwerera chambo chili lende pagalasi la pambali. Pakatipa zimasamba. Wosambitsa ndi mnyamata wa ndowa, sopo waufa ndi nsanza ya malaya akale, madzi ake otunga m'nyanja. Akamatsukuluza, thovu limatsetsereka pamchenga kubwerera komwe madziwo adachokera.

Masiku ano ena afika ndi mabotolo olembedwa waterless kapena rinseless, ogula mumzinda kapena obwera nawo ku Joni. Zonenedwa za mabotolowa nzambiri, ndipo sizonse zabodza.

Choyamba kumveka nchakuti mankhwalawa ndi a kumaiko kouma, kuno nyanja ili apa, tikuumira madzi chifukwa chiyani? Pali chilungamo chake. Ku Cape Town, kumene abale athu ambiri amagwira maganyu, chilala chitavuta mu 2018 munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku, ndipo kutsuka galimoto ndi madzi a pampopi kudaletsedwa. Kumeneko botolo lopopera lidapulumutsa ntchito za otsuka. Koma ku Senga Bay nkhani si madzi amene tikutunga, nkhani ndi amene tikubweza. Madzi otsukira galimoto amanyamula oyilo, girisi, fumbi la mabuleki ndi sopo. Sopo amawononga ziwalo zimene nsomba zimapumira, ndipo oyilo amayandama pamwamba ngati utawaleza. Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi. Nthunzi sinyamula girisi. Chimene chalowa chimatsala.

Sindikunena kuti galimoto imodzi ingaphe nyanja yotalika makilomita oposa 500. Chimavutika ndi gombe, pamadzi osaya, pomwe amayi amatunga, ana amasambira, ndipo tiana ta nsomba timabisala. Nyanja imeneyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa ina iliyonse padziko, ndipo zilumba za Maleri, zimene zili chakum'mwera kwa Senga Bay, ndi gawo la paki imene bungwe la UNESCO lidailemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Komanso bwana wa ku Area 47 akumbukire kuti mapaipi otenga madzi kuno ku Salima kupita ku Lilongwe akadzatha kuikidwa, adzamwa nyanja yomweyi.

Ena amaganiza kuti m'botolomo mulibe madzi ngakhale dontho. Ayi, gawo lalikulu ndi madzi ndithu, osakaniza ndi zinthu zoterera zimene zimakuta fumbi kuti lichoke penti isanakhudzidwe. Mitundu yake ndi iwiri ndipo anthu amaisokoneza. Wa waterless umapopera pagalimoto, kudikira pang'ono, nkupukuta. Wa rinseless umathira m'ndowa ya madzi, kunyika nsalu, kutsuka chigawo chimodzi, nkuumitsa popanda kutsukuluza. Wodziwika kwambiri mwa awa ndi Optimum No Rinse wa ku America, amene muyezo wake ndi gawo limodzi la mankhwala pa magawo 256 a madzi, ndiye kuti pafupifupi mamililita 30 m'malita 8. Ndowa imodziyo imakwanira galimoto yaing'ono, pamene paipi yosiyidwa ikungotaya imapitirira malita 100 mosavuta. Zotsala m'ndowa mungathire padothi kutali ndi gombe.

Tsono nkhani yaikulu, imene amakaniko ndi madalaivala akale amaigwira mwamphamvu: kupukuta galimoto yosatsukuluza nkukanda penti. Apa ndiwaikira kumbuyo, makamaka kuno. Pamwamba pa penti ya galimoto pali kachikopa koonekera kamene kamawalitsa, kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Mchenga wambiri wa kugombe ndi tizidutswa ta mwala wa quartz. Pa muyezo wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs adakonza mu 1812, wochokera pa 1 kufika pa 10, mwala umenewu uli pa 7, pamene galasi la pazenera silifika pa 6. Ngati mchenga ukanda galasi, nanga penti? Mwera ukaomba, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, mchenga umenewu umatera pa boneti ngakhale galimoto yangoima pansi pa mtengo. Mankhwala opopera adapangidwira fumbi lopepuka la m'tauni. Sangasandutse mchenga kukhala ufa.

Koma amene amanena zimenezi amaiwala kuyang'ana m'ndowa yawo. Madzi otunga pagombe pomwe mafunde akuswa amakhala ndi mchenga kale. Nsanza imodzi imayamba ku matayala, kugwa pansi, kutoledwa, kukungunthidwa kamodzi, nkupita pachitseko. Ndidaonapo galimoto yakuda itatsukidwa chomwechi. Ili yonyowa inkanyezimira, koma itauma padzuwa la masana, penti yonse inali tizingwe tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Madzi adalipo ambiri tsikulo. Chokanda penti si kusowa kwa madzi, ndi mchenga wokokedwa pansi pa nsalu.

Ndiye musanatsegule botolo, yendetsani chala pang'onopang'ono m'munsi mwa chitseko. Mukamva kukhakhala, kapena mukaona matope ouma a m'misewu yafumbi nyengo ya dzinja, siyani zopopera. Galimoto imeneyo ikufuna madzi, ndipo muitengere kumtunda, paudzu kapena padothi pomwe madzi angalowe pansi. Ngati ndi fumbi chabe la ulendo wapatala, mankhwala agwira ntchito. Pa mitundu iwiriyi, ine kuno ndingasankhe wa m'ndowa, chifukwa nsalu yonyowa kwambiri imanyamula tinthu tambiri kuposa yongowazidwa, ndiponso botolo limodzi limatha miyezi. M'dziko limene katundu wakunja amakwera mtengo ndalama yakunja ikasowa, zimenezo si zazing'ono.

Nsalu nayo ili ndi bodza lake, lakuti nsanza ndi nsanza. Kutsuka ndi mankhwalawa kumadalira nsalu za microfibre, zimene timaulusi take timakokera fumbi mkati mmalo molikankha. Zimafunika zingapo, osati imodzi. Nsalu iliyonse ipindeni kawiri kuti ikhale ndi mbali 8, pukutani molunjika osati mozungulira, kuyambira padenga kutsika, ndipo mbali ikada tembenuzani. Yagwa pamchenga, yapuma. Ya matayala isakhudze penti. Ndipo gwirani ntchito pamthunzi kapena m'mamawa, chifukwa dzuwa la ku Salima limaumitsa mankhwala pachitsulo chotentha musanafikepo ndi nsalu. Madzi otsika ku chambo chija pachitseko ndi zitosi za mbalame, zinyowetseni kaye zifewe, musazipale.

Palinso chikhulupiriro chakuti thovu likachuluka ndiye kuti galimoto yayera, nchifukwa chake wa rinseless amaoneka ngati madzi wamba onyenga. Thovu limasangalatsa maso basi. Sopo waufa wochapira zovala, amene amachita thovu kwambiri, amachotsa polishi woteteza penti ndipo amasiya mapulasitiki akuda atayererako.

Komanso tisapusitsidwe ndi tsamba lobiriwira lojambulidwa pabotolo. Mankhwalawa sachotsa litsiro padziko, amangolisamutsira m'nsalu. Nsaluzo nzapulasitiki, zimathothoka timaulusi pochapa, ndipo mukakazichapira m'nyanja mwabweza girisi yense kumene mumamupewa. Zichapeni m'beseni, nkutaya madziwo m'dzenje.

Anyamata otsuka ena amaopa kuti botolo lidzawalanda ganyu. Ine ndikuona mwina. Mwini galimoto amene wabwera kudzapuma sadzagwada pamchenga ndi nsalu zisanu. Amene adzatero ndi mnyamata yemweyo, ndipo ndi ndowa imodzi atha kutsukira pamalo oimika galimoto pa loji, osakoka zigubu kuchokera kugombe, osaima m'madzi osaya tsiku ndi tsiku pomwe nkhono zofalitsa likodzo zimakhala. Chomuvuta ndi mpamba wogulira botolo loyamba ndi nsalu, ndiponso kasitomala amene sakhulupirira kuti galimoto yasamba ngati sanaone thovu likuyenderera pansi.