Njala ya M'matumbo Aakulu

Lero tikambe za matumbo aakulu. Maselo a m'kati mwake sadalira magazi okha ayi. Mphamvu zawo zambiri zimachokera ku asidi wotchedwa butyrate, amene mabakiteriya amapanga poswa gaga, nyemba ndi ndiwo zamasamba.

M'chaka cha 1980, dokotala Roediger anaonetsa kuti pa matenda a ulcerative colitis, oyambitsa zilonda m'matumbomo, maselowo amalephera kugwiritsa ntchito butyrate mokwanira. Mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, wotuluka mabakiteriya akamaswa nyama ndi mazira, nawonso umawalepheretsa. Maselo akakhala ndi njala, khoma la matumbo limafooka.

Tsono mukaona magazi m'chimbudzi kwa masabata angapo, musangoti ndi kamwazi. Pitani kuchipatala akakupimeni.