Nambala 63 ndi funso limene masamu sanayankhe

Tengani pepala. Yambani ndi 2, muzichulukitsa ndi 2 mobwerezabwereza, ndipo pa yankho lililonse muchotsepo 1. Mupeza 1, 3, 7, 15, 31, 63, 127, 255 mpaka kutsogolo. Mwachidule timalemba 2ⁿ − 1.

Tsopano phwanyani nambala iliyonse kukhala ma prime, manambala aja ogawika ndi 1 ndi iwo eni basi. 3 ndi prime, 7 chimodzimodzi. 15 ndi 3 × 5, ndiye 5 ndi mlendo. 31 mlendo winanso. Pa 255, amene ndi 3 × 5 × 17, mlendo ndi 17. Koma taonani 63: ndi 3 × 3 × 7, onse akale okhaokha. Mu 1886 katswiri wa ku Denmark, A. S. Bang, anatsimikiza kuti tikadutsa 1 uja, 63 yekha ndiye safika ndi prime watsopano, ngakhale mndandandawu ulibe mathero. Ine zimenezi zimandizunguza mutu mpaka lero.

63 alinso ndi kena. Prime 3 wabwera kawiri, kutanthauza kuti mkati mwake muli sikweya, 9. Mukagawa 63 ndi 9 patsala 7, ndipo 7 ameneyu ndiye amatchedwa squarefree part, gawo lopanda sikweya. Kwa 255 gawoli ndi 255 yemweyo, poti palibe prime wobwereza.

Nanga n akakhala prime? Musafulumire kunena kuti yankho likhalanso prime. 2¹¹ − 1 ndi 2047, amene ndi 23 × 89. Komabe mulibe sikweya. Manambala onse otere amene aphwanyidwapo ali choncho, koma palibe amene watsimikiza kuti zidzakhala choncho nthawi zonse.

Chodziwika n'chakuti prime woti abwere kawiri pamenepa ayenera kukhala wa mtundu wosowa kwambiri wotchedwa Wieferich prime. Odziwika ndi awiri okha: 1093, wopezeka mu 1913, ndi 3511, wopezeka mu 1922. Makompyuta asakasaka, wachitatu sanaoneke. Awiriwanso sathetsa nkhani. 1093 amayamba kuonekera pa 2³⁶⁴ − 1, ndipo amabweradi kawiri, koma 364 si prime. 3511 amayamba pa n = 1755, amenenso amagawika ndi 5.

Yesani kuphwanya 4095, amene ndi 2¹² − 1. Mlendo ndani, ndipo mukachotsa sikweya patsala chiyani?